Momwe mungamverere ma podcast a zokambirana sabata iliyonse kuno ku Mzuzu osamaliza bandulo

Anthu ambiri amene ndinawaonetsa podcast, mapulogalamu a mawu omvera pa intaneti, anayamba ndi changu, koma patatha sabata ziwiri zonse zinazilala. Zokambiranazo sizinali zosakoma ayi. Wina anatsegula gawo la maola awiri pa YouTube, bandulo ya sabata yonse n'kutha tsiku lomwelo. Wina anadina Follow pa mapulogalamu 20 usiku umodzi, foni inadzadza, ndipo mpaka lero sanamalizepo ngakhale gawo limodzi. Ineyo changa chinali cha pa basi yopita ku Lilongwe: ndinali nditakhazikika, mlendo wangoyamba kuulula nkhani yokoma, titalowa m'nkhalango ya Chikangawa netiweki inangoti zii. Ndinakhala ndikuyang'ana mitengo ya paini mpaka kutsogolo uko.

Njira imene yandithandiza ndi yosavuta: sankhani mapulogalamu ochepa, muziwatsitsiratu m'foni, ndipo aliyense mumupatse nthawi yake pa sabata.

Zimene mufunika

Foni ya Android kapena iPhone, ngakhale yakale, bola ikhale ndi malo osachepera 1GB opanda kanthu.

Mahedifoni. A chingwe otchipa a mumsika amakwanira, ndipo safuna kutchaja. A Bluetooth ndi abwino pa kabaza chifukwa chingwe sichikola, koma magetsi akazima tsiku lonse mumakhala ndi zinthu ziwiri zofuna moto.

App imodzi yomverera. Imodzi basi.

Bandulo ya TNM kapena Airtel, kapena malo amene mumapeza Wi-Fi, monga kuntchito, kusukulu kapena kwa mnzanu.

Kabuku kakang'ono ndi bolopeni, kapena malo olembapo m'foni momwemo.

Pawa banki ngati muli nayo. Ngati mulibe, musadandaule, mawu okha sadya batire ngati vidiyo.

1. Ikani app imodzi yoyenera

Pa Android ndimalimbikitsa AntennaPod. Ndi yaulere, siikuonetsani zotsatsa zakezake, ndi yopepuka, ndipo zimene yatsitsa zimakhala mafayilo wamba amene mungatumizire mnzanu. Spotify nayonso imagwira ntchito m'Malawi kuyambira 2021, ndipo ngakhale simulipira mwezi ndi mwezi imalola kutsitsa magawo a podcast. Kungoti zimene mwatsitsa pa Spotify zimakhala zotsekeredwa momwemo, simungazipatse wina. A iPhone muli nayo kale Apple Podcasts, palibe chifukwa chofunira ina.

Chenjezo: musavutike kufunafuna Google Podcasts. Inatsekedwa mu 2024. Ngati mnzanu akukutumizirani fayilo ya app imeneyi kuti muike, mukanireni mwaulemu. BBC Sounds nayonso inasiya kutumikira anthu a kunja kwa UK mu 2025, koma ma podcast ambiri a BBC mumawapezabe pa ma app enawa mukalemba dzina la pulogalamuyo.

2. Konzani app musanatsitse chilichonse

Apa ndi pamene anthu amadumpha, ndipo ndi pamene ndalama zimathera. Lowani mu Settings n'kuchita zinthu zitatu.

Choyamba, letsani app kutsitsa yokha pogwiritsa ntchito data ya m'foni. Iloleni kutero pa Wi-Fi pokha. Mukapanda kutero, tsiku lina mudzagula bandulo yoti mutumizire katundu pa WhatsApp, app n'kuyamba kukoka magawo asanu mwakachetechete, inu n'kumadabwa kuti ma MB alowera kuti.

Chachiwiri, tsegulani zoti gawo limene mwamaliza kumva lizifufutika lokha.

Chachitatu, ngati muli pa Spotify, pitani pa Data Saver n'kusankha zoti ma podcast a vidiyo azibwera ndi mawu okha. Mapulogalamu ambiri a masiku ano amajambulidwa ndi kamera, ndipo mukapanda kusintha apa mudzalipirira zithunzi za anthu awiri atakhala pa mipando, pomwe foni ili m'thumba.

3. Phunzirani kawerengedwe ka ma MB

Masamu ake ndi aafupi. Ma podcast ambiri amatuluka pa 64 kbps kapena 128 kbps (kbps ndi muyezo wa data imene mawu amadya pa sekondi). Pa 64 kbps ola limodzi limadya ma MB pafupifupi 29, pa 128 kbps pafupifupi 58. Ndiye kuti 1GB ingakupatseni maola 17 a zokambirana ngakhale mutatenga zolemerazo. Ngati mumamva maola atatu pa sabata, pa mwezi simufika n'komwe pa 1GB.

Vidiyo ndi nkhani ina. Ola limodzi pa YouTube, chithunzi chili choyera bwino, limameza ma MB mazanamazana. AntennaPod imaonetsa kukula kwa fayilo pafupi ndi gawo lililonse, choncho yang'anani nambalayo musanadine. Gawo likalemba 150MB, limenelo ndi la Wi-Fi.

4. Sankhani mapulogalamu atatu okha

Pano ndichedwapo, chifukwa pulogalamu yosankhidwa molakwa imagwetsa ulesi kuposa kutha kwa bandulo. Tengani imodzi ya kwathu kuno kapena ya maiko oyandikana nafe, imodzi yofunsa atsogoleri mafunso olimba, ndi imodzi ya mbiri za moyo wa anthu.

Za kwathu kuno. Zokambirana zabwino za ku Malawi zambiri zinayambira pa wailesi ndi pa kanema, ndipo mumazipeza pa YouTube ndi Facebook osati pa app ya podcast. Times Exclusive ya pa Times, imene inatchuka ndi Brian Banda, ndi ya amene mumafuna kuona wandale akutuluka thukuta. Tiuzeni Zoona ya Zodiak imayenda m'Chichewa, ndiye mutha kumvera limodzi ndi agogo pakhonde popanda womasulira. Cruise 5 ya Joab Frank Chakhaza, nayonso ya Zodiak, ndi yofatsa: mlendo amafotokoza za moyo wake uku akusankha nyimbo zisanu, ndipo nthawi zambiri munthu amene mumamudziwa ngati wolimba mtima mumamumva akukamba za umphawi wa kumudzi kwawo. Pa zitatuzi, ine ndimabwerera kwambiri ku Cruise 5, chifukwa gawo la zaka zitatu zapitazo limakomabe lero, pomwe la ndale limaola msanga ngati matemba osayanika.

Za maiko oyandikana nafe. In Conversation with Trevor ndi ya Trevor Ncube, mwini nyuzipepala wa ku Zimbabwe. Amafunsa modekha, ndipo mavuto amene alendo ake amakamba, a ndalama kugwa mphamvu, a achinyamata kuthawira kunja, a bizinesi yoyamba ndi kangachepe, ndi omwe timakamba pa depoti pano. Podcast and Chill with MacG ya ku South Africa, imene inayamba mu 2018, ndi yotchuka kwambiri kwa achinyamata ndipo oimba amamasuka nayo, koma pakamwa pawo palibe chotseka. Imeneyo ndi ya mahedifoni, osati ya sipika ana ali pabalaza. What Now? with Trevor Noah, ya katswiri wa nthabwala wa ku South Africa, inayamba mu 2023, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta kutsatira.

Zofunsa atsogoleri. HARDtalk ya BBC inayamba mu 1997 ndi Tim Sebastian, kenako Stephen Sackur anaitenga mpaka inatha mu March 2025. M'malo mwake muli The Interview. Magawo a mtundu umenewu sapitirira theka la ola, ndiye amakwanira bwino ulendo wa pansi wochokera ku Chibavi kupita m'tauni. Mukapeza magawo akale a Sackur, mverani kafunsidwe kake: akaona kuti nduna yazemba funso, amalibwereza momwemo mpaka kawiri katatu.

Za mbiri ya moyo. Desert Island Discs inayamba mu 1942 ndi Roy Plomley, ndipo panopa amaiyendetsa ndi Lauren Laverne. Mlendo amasankha nyimbo zisanu ndi zitatu zimene angapite nazo pa chilumba chopanda anthu. Pa podcast nyimbozo amazidula kukhala zazifupi, choncho musaganize kuti fayilo yanu yawonongeka. Outlook ya BBC World Service, imene ilipo kuyambira 1966, imacheza ndi anthu wamba amene anakumana ndi zachilendo, osati otchuka okhaokha. Fresh Air ya Terry Gross wa ku Philadelphia ndi sukulu ya kafunsidwe: mayiyu amawerenga zonse za mlendo asanakumane naye, ndipo funso lake lachiwiri limachokera pa yankho loyamba, osati pa pepala.

Amalonda, kaya muli ndi shopu ku Taifa kaya mumagulitsa khofi, yesani How I Built This ya Guy Raz, imene inayamba mu 2016. Amafunsa eni makampani momwe anayambira ndi pomwe anatsala pang'ono kugwa. The Diary of a CEO ya Steven Bartlett, amene anabadwira ku Botswana, ili m'foni za ophunzira ambiri a ku Mzuni, koma magawo ake amafika maola awiri, ndipo ndikambapo zina za iyo kumapeto.

Chenjezo: musasankhe pulogalamu chifukwa cha kagawo ka masekondi 40 kamene mwaona pa TikTok. Tizidutswa timeneto amatidula pokoma pokhapokha.

5. Yesani wofunsa mafunso kwa mphindi 15

Mlendo amasintha sabata ndi sabata, koma wofunsa ndi amene mudzakhale naye chaka chonse. Ndiye muyeseni iyeyo. Tsitsani gawo limodzi, makamaka la mlendo amene simumudziwa, chifukwa mlendo wotchuka amabisa kufooka kwa wofunsa. Mverani mphindi 15 mukuyang'ana izi: kodi amalola mlendo kumaliza chiganizo? Mlendo akanena chodabwitsa, amachitsatira kapena amangolumphira funso lina? Mlendo akanama poyera, amamugwira kapena amangoseka naye? Ndipo amene akulankhula kwambiri ndani?

Wofunsa akamatenga mphindi zitatu kufotokoza za iye mwini asanafunse funso, ine ndimangofufuta. Kuli anthu ambiri otero ku maliro ndi ku maukwati, sindingawagulirenso bandulo.

6. Khalani ndi tsiku limodzi lotsitsa

Sankhani tsiku, mwachitsanzo Lamlungu madzulo kapena Lachisanu muli pa Wi-Fi ya kuntchito, n'kutsitsa magawo atatu a sabata yonse. Ngati mukugwiritsa ntchito data, onani pa menyu ya kampani yanu ngati pali bandulo ya usiku, ndipo werengani maola ake musanagule.

Imani pamalo pamene netiweki ili yamphamvu. Kuno ku Mzuzu nyumba zambiri zili m'zigwa, ndipo mumapeza kuti m'chipinda foni ikulemba E, koma mukakwera pamsewu yabwerera pa 4G. Kutsitsa fayilo ya 60MB pa E ndi kudzizunza, ndipo ikadukira pakati nthawi zina imayambiranso pachiyambi.

Mukamaliza, yesani: zimitsani data, tsegulani gawolo, lidumphitseni mpaka chakumapeto. Likalira, latsitsikadi. Chitani zimenezi usiku woti mawa muli pa ulendo wa ku Lilongwe, wa ku Karonga kapena wotsetsereka ku Nkhata Bay.

Chenjezo: samalani ndi mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha. Amenewo satsitsa podcast, ndipo foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsi anu mwachindunji.

7. Mapulogalamu a pa YouTube ndi Facebook muwachite chonchi

Popeza athu ambiri ali pa vidiyo, dinani kachizindikiro ka Settings pa vidiyoyo n'kutsitsa Quality mpaka 144p. Nkhope zidzaoneka ngati zili m'nkhungu ya mu June, koma mawu amamveka bwinobwino, ndipo mawuwo ndi amene mwabwerera. Kumbukirani kuti YouTube yaulere imasiya kulira mukazimitsa sikirini, ndiye chepetsani kuwala kwa foni n'kuiika pa tebulo, osati m'thumba momwe ingadinike yokha. Zimitsaninso Autoplay, apo ayi mukagona vidiyo ina idzayamba, ina n'kutsatira, mpaka tambala kulira.

Njira ina yosadya kanthu: dziwani tsiku ndi ola limene pulogalamuyo imauluka pa wailesi, n'kumvera pa FM ya m'foni. Chingwe cha mahedifoni ndiye chimakhala eriyo yake.

8. Mangirirani gawo lililonse ku ntchito imene mumachita kale

Musanene kuti mudzamva mukapeza mpata, chifukwa mpatawo subwera. Gawo lalifupi lipatseni ulendo wa m'mawa, kaya ndi wochokera ku Luwinga, ku Katawa kapena ku Mchengautuwa. Lalitali lipatseni Loweruka pochapa ndi posita. Lachitatu lisungireni madzulo amene magetsi azima ndipo mvula ya ku Mzuzu yayamba ija yosadziwa kukata. Ikani magawowo pa Queue, mndandanda wa zoti zilire, motsatana kuti musamasankhenso manja ali ndi sopo.

Pa kabaza kapena powoloka msewu, valani hedifoni ya khutu limodzi. Pa raundabauti ya Katoto galimoto sizidikira kuti mlendo amalize nkhani.

Omvera pogona, ikani Sleep timer pa mphindi 20. Mukapanda kutero mudzadzuka gawo litatha, app italifufuta kale, inu mutangomva moni yekha.

9. Sinthani liwiro kuti ligwirizane ndi khutu lanu

Chingerezi cha anthu a ku America ndi ku Britain chimathamanga, makamaka akayamba kuseka. Palibe manyazi kutsitsa liwiro kufika pa 0.8. Pakatha mwezi khutu limazolowera ndipo mumabwerera pa 1.0 osazindikira. Pa Apple Podcasts, kuyambira 2024, mutha kuwerenga mawu olembedwa uku mukumva, ndipo Spotify ilinso ndi zomwezo pa magawo ena. Mawu amene akuvutani alembeni, mudzawafufuze pambuyo, osaimitsa nkhani mphindi iliyonse.

Kwa wofunsa wolankhula pang'onopang'ono, 1.2 imathandiza. Kupitirira 1.5 kumachotsa timipata timene mlendo amakhala chete asanayankhe, pomwe pa zokambirana kachete kameneko kamanena zambiri.

10. Lembani chinthu chimodzi, n'kuuza munthu mmodzi

Gawo likatha, lembani mzere umodzi: dzina la mlendo ndi chinthu chimene simunkachidziwa. Kenako muuzeko wina, kaya akunyumba, kaya mnzanu wa kuntchito. Zimene mwafotokozera munthu sizichoka msanga m'mutu. Ngati muli anthu atatu ogwiritsa ntchito AntennaPod, gawanani: aliyense atsitse gawo limodzi, n'kupatsana mafayilo pa Bluetooth kapena Xender. Bandulo imodzi, magawo atatu.

Pakatha mwezi, yang'anani m'kabukuko. Pulogalamu imene simunailembepo kanthu ichotseni, ina ilowe m'malo mwake.

Zolakwa zimene ndimaona kawirikawiri

Kudina Play m'malo mwa Download. Mabatani awiriwa amakhala moyandikana, ndipo Play pa gawo losatsitsidwa imakoka data pomwepo. Yang'anani kachizindikiro kosonyeza kuti fayilo ili m'foni.

Kufuna kuyambira gawo loyamba. Fresh Air ndi Desert Island Discs zili ndi magawo oposa chikwi. Zokambirana si sewero lotsatizana, yambani ndi la sabata ino, kapena lembani dzina la munthu amene mumamukonda pa malo ofufuzira.

Kukhulupirira chilichonse chifukwa mlendo wavala suti ndipo akulankhula molimba mtima. Izi n'zoopsa kwambiri pa nkhani za umoyo. Mu December 2024 BBC inatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti magawo angapo a zaumoyo a The Diary of a CEO anali ndi zonena zolakwika zimene wofunsa sanazitsutse. Mlendo akakuuzani kuti musiye mankhwala a shuga kapena a BP n'kumangosala kudya, kafunseni kuchipatala musanasinthe chilichonse. N'chimodzimodzinso amene amalonjeza kuti ndalama zanu ziswana pa mwezi umodzi.

Kukakamira gawo losakoma chifukwa munalitsitsa ndi ndalama. Ma MB apita kale, musaonjezerepo ola lanu.

Kutsegula sipika mu minibasi. Amayi amene akhala pafupi nanu ndi dengu la nthochi sanapemphe kumva MacG.

Kukweza mawu mpaka kumapeto kuti mupose phokoso la injini. Mukavula mahedifoni m'makutu mukulira, mwapyola muyezo. Gulani aja okhala ndi timphira tolowa m'khutu, amatseka phokoso ndipo simufunikanso kukweza.

Kugwiritsa ntchito ma app oyeretsa foni. Ena amaona mafayilo a podcast ngati zinyalala n'kuwafufuta onse. Ngati foni yanu imadandaula za malo, ikani memori khadi, ndipo mu Settings ya AntennaPod musankhe kuti izisungira pamenepo.

Kuiwala kusunga mndandanda wa mapulogalamu anu. Foni ikabedwa mumsika kapena ikagwera m'beseni, AntennaPod siikumbukira zimene munkamvera, chifukwa ilibe akaunti. Lowani mu Settings, tulutsani fayilo ya OPML, imene imasunga mndandandawo, n'kudzitumizira pa imelo. Ndi kafayilo kakang'ono kosafika ngakhale 1MB, ndipo mukakatsegula m'foni yatsopano mapulogalamu anu onse amabwerera.